Centre Pompidou: Nyumba ya Zaluso Yomangidwa M'zigawo-zigawo

Centre Pompidou ndi nyumba yaikulu ya zaluso ndi zacikhalidwe imene ili pakati pa mzinda wa Paris, likulu la dziko la France. Inatsegulidwa pa 31 January 1977. Kwa zaka 48 munali malo oonetserako zithunzi ndi ziboliboli za makono, laibulale ya anthu onse, ndiponso zipinda za kanema ndi za masewero. Pa 22 September 2025 nyumbayi inatsekedwa yonse kuti ikonzedwe, ndipo ikuyembekezeka kutsegulidwanso mu 2030.

Nyumbayi inachuka pa dziko lonse kamba ka mamangidwe ake. Inamangidwa ndi zigawo zofanana za citsulo, zimene zinapangidwa ku fakitale, kenaka n'kubwera nazo pamalopo ndi kuzilumikiza cimodzi-cimodzi. Mamangidwe otere m'Cingelezi amachedwa modular. Olemba pulani yake analonjeza kuti mkati mwake mudzakhala motakasuka, mopanda mizati kapena zipupa zokhazikika, kuti anthu a mibadwo yosiyana-siyana azisinthamo monga mmene afunira. Mbali ina ya lonjezo limeneli inakwaniritsidwa, mbali ina inalephereka, ndipo ina yadya ndalama zambiri za boma la France.

Malo ndi mpikisano

Dera limene panamangidwa nyumbayi limachedwa Beaubourg. Kale panali nyumba zakale zothithikana, zimene boma linagwetsa m'zaka za m'ma 1930 ponena kuti zinali kufalitsa matenda. Kucokera nthawi imeneyo malowo anangokhala poimika magalimoto, maka-maka malole obweretsa zakudya ku msika waukulu wa Les Halles umene unali pafupi.

Mu December 1969 mtsogoleri wa dziko la France, a Georges Pompidou, amene anali okonda zaluso za makono, anagamula kuti pamalopo pamangidwe nyumba imene zithunzi, mabuku, nyimbo ndi kanema zidzakhale pansi pa denga limodzi. Boma linaitana akatswiri olemba mapulani a nyumba a m'maiko onse kuti apikisane, ndipo linalandira mapulani 681.

Wapampando wa oweruza anali a Jean Prouvé. Iwowa anali katswiri wa nyumba za citsulo zopangiratu ku fakitale, ndipo zina mwa nyumba zawo zinatumizidwa ku Niamey ndi ku Brazzaville ca m'ma 1950. Pakati pa oweruza panalinso a Oscar Niemeyer a ku Brazil ndi a Philip Johnson a ku America. Mu July 1971 oweruzawa anasankha pulani ya a Renzo Piano ndi a Gianfranco Franchini a ku Italy, pamodzi ndi a Richard Rogers a ku Britain, amene anali kugwira nchito ndi mainjiniya a kampani ya Ove Arup. Onse atatu anali asanakwanitse zaka 40, ndipo anali asanamangepo nyumba yaikulu conco.

Kumene ganizoli linacokera

Ganizo la nyumba ya zaluso yotha kusintha linayambira ku London. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960, amai Joan Littlewood, mtsogoleri wa gulu la masewero, ndi katswiri wa mapulani a Cedric Price, anakonza pulani ya malo amene anawacha Fun Palace. Panayenera kuimikidwa mafelemu a citsulo okha-okha, ndipo pamwamba pake kireni yoyenda-yenda inayenera kumanyamula zipupa, makwerero ndi zipinda n'kumaziika pamene zafunikira tsikulo. Fun Palace siinamangidwe konse. Koma zojambula zake zinafalikira pakati pa ophunzira, ndipo pulani imene inapambana ku Paris inatengera zambiri kumeneko.

Nyengo nayonso inathandiza. Mu May 1968 ophunzira ndi anchito a ku France anacita zionetsero zazikulu zotsutsa ulamuliro wa akulu-akulu. Acinyamata a nthawiyo anali kuona nyumba zakale za zaluso, za makwerero a miyala ndi zitseko zolemera, monga malo oopseza munthu wamba. A Piano ndi a Rogers anafuna nyumba imene munthu angalowemo monga mmene alowera mumsika.

Cigawo cimodzi, cobwerezedwa ka 13

Wofuna kumvetsa nyumbayi afunika kumvetsa cigawo cimodzi cabe, pakuti zotsalazo n'zobwereza.

M'litali nyumbayi ndi mamita 166, m'lifupi mamita 60, ndipo kupita m'mwamba mamita 42. Yaimirira pa mafelemu 14 a citsulo, ondandalikidwa motsatana pa mtunda wa mamita 12.8. Pakati pa mafelemu 14 pali mipata 13, ndipo mpata uliwonse ndiwo cigawo. Felemu iliyonse ili ndi mizati iwiri, wina kum'mawa ndi wina kumadzulo, yotalikirana mamita 48. Mizati yonse ilipo 28. Ndi yamphako ngati mapaipi, yaikulu masentimita 85 m'mimba mwake, ndipo inadzazidwa madzi kuti moto utabuka citsulo cisafewe msanga.

Pakati pa mizati iwiriyo, pa nsanjika iliyonse, pali mtanda wa citsulo wolukana, wautali mamita 45 ndi wolemera matani 75. Mitanda imeneyi ndiyo inyamula pansi pa nsanjika. Cotulukapo cake n'cakuti nsanjika iliyonse ndi cipinda cimodzi ca masikweya mita 7,500, cacikulu kuposa pang'ono bwalo la mpira wamiyendo, copanda mzati ngakhale umodzi pakati. Kucokera pa nsanjika ina kufika pa inzake pali mamita 7.

Bvuto la mainjiniya linali lakuti mtanda wolemera conco ukakhazikidwa pambali pa mzati, mzatiwo ungapindike. Yankho linali citsulo cina cimene anacicha gerberette, potengera dzina la injiniya wa ku Germany wa zaka za m'ma 1800, a Heinrich Gerber. Gerberette ndi mkono wa citsulo wautali mamita 8 ndi wolemera matani 10, umene ukhala pa mzati monga mmene cogwirira ca mjigo cikhalira pa bauti yake. Mbali yaifupi iloza mkati, ndipo ndiyo ilandira mtanda. Mbali yaitali iloza panja. Mtanda ukakanikiza mbali yaifupi, mbali yaitali ifuna kukwera m'mwamba, koma ndodo yoonda ya citsulo yozikika m'nthaka iikokera pansi, monga dzanja la munthu wotunga madzi. Motero kulemera konse kutsikira pakati peni-peni pa mzati.

Njira imeneyi inabala phindu lina. Mbali yaitali ya gerberette isiya mpata wa mamita 6 kunja kwa mizati, uku ndi uku. Mamita 48 a mkati pamodzi ndi mipata iwiri ya mamita 6 ndiwo apanga mamita 60 aja a m'lifupi. M'mipata imeneyi ndimo munaikidwa zonse zimene nyumba zina zibisa mkati.

Injiniya amene anaumirira pa gerberette anali a Peter Rice a ku Ireland. Iwo anafuna kuti zitsulozi zipangidwe mwa kusungunula citsulo ndi kucithira m'cikombole, njira imene ambiri panthawiyo anali kuiona ngati yacikale. Anakhulupirira kuti citsulo coumbidwa cisonyeza dzanja la amene anacipanga, ndipo cingacititse munthu wodutsa mumsewu kuima ndi kudzifunsa mmene nyumbayi yaimira. 

Nchito yokumba inayamba mu 1972. Kampani ya Krupp ya ku Germany ndiyo inatenga nchito ya zitsulo. Mitanda inabwera pa sitima ya pamtunda mpaka kumpoto kwa Paris, kenaka malole aatali anali kuilowetsa mumzinda usiku, misewu ili zii. Mafelemu anaimikidwa kucokera cakumapeto kwa 1974 mpaka pakati pa 1975, kuyambira mbali imodzi ya malowo kupita ku inzake. Citsulo conse cinakwana matani 15,000. Apa ndipo paonekera ubwino woyamba wa mamangidwe a zigawo: amisiri akadziwa kulumikiza cigawo coyamba, zotsalazo ziyenda mofulumira, cifukwa nchito ndi imodzi-modzi.

Matumbo panja

Pofuna kuti mkati mukhale mopanda zochinga, olemba pulani anatulutsira panja mapaipi, mawaya, malifiti ndi makwerero. Ku mbali ya kum'mawa, imene iyang'ana msewu, kuli mapaipi aakulu-akulu opakidwa penti malinga ndi nchito yake. Obiriwira ngati thambo ndi a mpweya. Obiriwira ngati msipu ndi a madzi. Acikasu ndi a magetsi, ndipo zofiira ndi zonyamula anthu ndi katundu, monga malifiti.

Ku mbali ya kumadzulo kuli makwerero oyenda okha, amene ali m'cipaipi coonekera mkati, cokwera mopingasa kucokera pansi mpaka pa nsanjika yomaliza. Anthu a ku Paris anawacha la chenille, kutanthauza mbozi. Munthu akamakwera, madenga a mzinda ayamba kuonekera pang'ono-pang'ono, mpaka aona nsanja ya Eiffel ndi chalichi ca Sacré-Cœur pa phiri la Montmartre.

Cifukwa caciwiri cotulutsira zinthuzi panja cinali ca nthawi. Mafelemu a citsulo akhala zaka zambiri, pamene makina a mpweya ndi mawaya atha msanga. Maganizo anali akuti mmisiri azitha kucotsa paipi yakutha ndi kuikapo yatsopano popanda kugumula cipupa kapena kutseka nyumba.

Anthu ambiri a mumzindawo sanakondwe. Ena anati yafanana ndi fakitale yoyenga mafuta, ena anaicha Notre-Dame wa mapaipi, ndipo ena anakasuma ku makhoti kuti nchito iime. A Rogers anali kusimba kuti tsiku lina kukugwa mvula, mai wina wokalamba anawapatsa malo pansi pa ambulera yake, koma atamva kuti iwo ndiwo analemba pulani ya nyumbayo, anawamenya nayo pamutu. A Pompidou anamwalira mu April 1974 nyumba isanathe. Amene anawalowa m'malo, a Valéry Giscard d'Estaing, sanali kuikonda kweni-kweni, koma nduna yaikulu a Jacques Chirac anaiteteza, ndipo pomaliza pake a Giscard d'Estaing omwewo ndiwo anaitsegula.

Bwalo

Olemba pulani anamanga pa theka cabe la malo amene anapatsidwa. Theka linalo analisiya kuti likhale bwalo la anthu onse, lotsetsereka pang'ono kulowera ku khomo, kotero kuti munthu angakhale pansi ndi kupenyerera monga m'bwalo la masewero. Posakhalitsa panadzala oimba, ojambula nkhope za anthu, ocita zamatsenga, ophunzira ndi alendo. M'dera la misewu yopanikiza ngati limeneli, bwalolo linakhala mphatso yaikulu, ndipo ngakhale ambiri odana ndi mapaipi aja analibvomereza. N'zocititsa cidwi kuti mbali ya pulani imene yasintha nchito kambiri-mbiri pa tsiku ndi bwalo limeneli.

Bungwe lofufuza za nyimbo ndi mau la IRCAM, limene linatsogoleredwa ndi a Pierre Boulez, linamangidwa pambali, pansi pa nthaka, kuthawa phokoso la mumsewu.

Pamene lonjezo linakumana ndi nchito

Zina mwa zimene zinali pa pulani yoyamba zinagwa nyumba isanamangidwe n'komwe. Panali ganizo lakuti pansi pa nsanjika pazitha kukwezedwa kapena kutsitsidwa. Linasiidwa. Panalinso ganizo loika zioonetsero zazikulu za kanema pa khoma loyang'ana ku bwalo, zoulutsa nkhani kwa anthu odutsa. Nalonso linasiidwa. Malamulo a zozimitsa moto anacititsa kuti msinkhu wa nyumba ucepetsedwe.

Bvuto lalikulu linaonekera m'malo oonetsera zithunzi. Cithunzi cifuna cipupa copacikapo, kuwala koyenera ndi bata. Pansi pa mtsogoleri woyamba wa malowa, a Pontus Hultén a ku Sweden, anali kugwiritsa nchito zochinga zopepuka zotha kusuntha, ndipo zionetsero zazikulu monga Paris-New York ca mu 1977 ndi Paris-Moscou ca mu 1979 zinakopa anthu miyanda-miyanda. Koma osamalira zithunzi anali kudandaula kuti mitanda ndi mapaipi a kudenga zinali kulanda maso a anthu. Mu 1985 katswiri wa ku Italy, amai Gae Aulenti, anamanga zipinda zoyera za zipupa zokhazikika mkati mwa nsanjika zija. Patangopita zaka 8, nyumba imene inamangidwa pothawa zipupa inali ndi zipupa.

Bvuto lina linabwera ndi cipambano. Alendo anaculuka kuwirikiza kangapo ciwerengero cimene cinayembekezeka, mpaka kufika pafupi-fupi 25,000 pa tsiku. Ambiri anali kubwerera laibulale, imene inali yaulere ndi yosafuna khadi, ndipo ena anali kungokwera makwerero kukaona mzinda. Makapeti, zimbudzi ndi makina zinatha msanga. Panja napo, citsulo ndi mapaipi zinali pa mvula, cisanu, utsi wa magalimoto ndi zitosi za nkhunda. Paipi imene ili panja ndi yosabvuta kuifikira, komanso ndi yosacedwa kucita dzimbiri ndi kusuluka penti. Nyumba ya magalasi yofunda kapena kuziziritsidwa ndi makina idyanso magetsi ambiri, ndipo pulaniyi inalembedwa mitengo ya mafuta isanakwere mu 1973.

Mu October 1997 nyumbayi inatsekedwa kuti ikonzedwe, ndipo inatsegulidwanso pa 1 January 2000. Panthawiyi laibulale inapatsidwa khomo lake-lake, ndipo makwerero a panja aja anayamba kufuna tikiti. A Rogers anadzudzula zimenezi, poona kuti zinapha colinga cakuti makwererowo akhale ngati msewu wa anthu onse.

Komabe, kunena kuti kusinthika kunalephereka kotheratu kungakhale kunama. Pa kukonza komweko, maofesi anasamutsidwira ku nyumba zina zapafupi, ndipo malo ake anaperekedwa ku zionetsero popanda kukhudza mzati kapena mtanda. Nsanjika zomwezo zalandira zionetsero zosiyana kotheratu, kuphatikizapo Magiciens de la terre ca mu 1989, cimene cinaika nchito za amai Esther Mahlangu a ku South Africa ndi a Chéri Samba a ku Congo pamodzi ndi za aluso a ku Ulaya ndi America, ndiponso Africa Remix ca mu 2005. Umboni womaliza unaoneka mu 2025. Mabuku atacotsedwa mu laibulale, wojambula zithunzi wa ku Germany, a Wolfgang Tillmans, anasandutsa malo a masikweya mita 6,000 kukhala cionetsero cimodzi, cimene cinali cotsiriza nyumbayi isanatsekedwe. Kusintha kunali kucitika ndithu, koma kamodzi pa zaka zingapo ndi pa mtengo waukulu, osati tsiku ndi tsiku monga mmene a Price ndi amai Littlewood analotera.

Zoyesa zina

Ganizoli silinathere ku Beaubourg. A Price eni ake anamanga nyumba yaing'ono ya mtundu umenewu ku Kentish Town mu London m'zaka za m'ma 1970, yochedwa Inter-Action Centre. Anthu ena atafuna kuti itetezedwe ndi lamulo, iwo anakana, ponena kuti nyumba yotere iyenera kucoka nchito yake ikatha. Inagwetsedwa mu 2003. Pakati pa 2011 ndi 2013, Centre Pompidou inayendetsa m'matauni a France kanyumba ka matenti olumikiza, kolembedwa ndi a Patrick Bouchain, konyamula zithunzi zocepa zochuka. Ku New York, nyumba yochedwa The Shed, imene inatsegulidwa mu April 2019, ili ndi cigoba cacitali mamita 37 coyenda pa njanji, cimene cituluka ndi kuphimba bwalo la pambali pakafunika holo yaikulu.

Kukonza kwa 2025 mpaka 2030

Boma la France linalengeza mu January 2021 kuti nyumbayi idzatsekedwa yonse. Tsiku lotsekera linakankhidwira kutsogolo kuti masewera a Olympic a mu 2024 ayambe apita. Cakumapeto kwa 2023 anchito ananyanyala kwa milungu yambiri, pofuna citsimikizo cakuti nchito zawo zidzasungika pa zaka zimene nyumba idzakhala yotseka.

Nchito yaikulu ndi yocotsa asbestos, imene fumbi lake liononga mapapo ndipo inaletsedwa m'dzikolo mu 1997. Magalasi onse a m'makoma adzasinthidwa, dzimbiri la pa zitsulo lidzacotsedwa, ndipo njira zotetezera moto, zothandiza olemala ndi zocepetsa magetsi zidzakonzedwa mwatsopano. Boma linalonjeza mayuro 262 miliyoni pa mbali imeneyi yokha. Ganizo lija lakuti paipi izisinthidwa nyumba ili yotsegula lagwira nchito pa zokonza zing'ono-zing'ono, koma pa nchito yaikulu ngati iyi lalephera kaciwiri.

Mu June 2024 akatswiri a Moreau Kusunoki a ku Paris, pamodzi ndi amai Frida Escobedo a ku Mexico, anasankhidwa kuti akonze mkati ndi pabwalo. Mwa zina, malo a pansi pa nthaka amene kale anali oimikako mabasi adzasanduka zipinda za zaluso, ndipo denga lidzatsegulidwa kwa anthu. Mafelemu 14, ma gerberette ndi mitundu inai ya penti zidzatsala monga mmene zilili.

A Rice anamwalira mu 1992, a Franchini mu 2009, ndipo a Rogers mu December 2021. Zithunzi ndi ziboliboli zoposa 120,000 za m'nyumbayi zasamutsidwa, zina kukasungidwa ndipo zina kukaonetsedwa ku Grand Palais ndi m'mizinda ina. Laibulale inatsegulidwa mongoyembekezera mu August 2025 m'nyumba yochedwa Lumière, kum'mawa kwa Paris.